Sabata Yomwe Ndinakhwima Osadziwa

Lolemba

Kope latsopano. Cholembera chatsopano. China chapadera m'thumba, kuchitira kuti choyambachi chingafe.

Ndilembe nkhaniyi kuti mutu upepuke. Timu yathu, Milamba ya kwa Mbenje, ilibe bwalo la nthawi ya mvula. Lomwe tili nalo lili m'mphepete mwa dambo, ndipo mvula ikangogwa kumtunda, Shire amabwera kudzagonapo miyezi itatu. Chaka chatha a Bizeki, goloboyi wathu, anatchera mono pakati pa golo n'kugwira milamba isanu ndi iwiri. Anthu amati ndi tsiku lokhalo lomwe a Bizeki anagwirapo kanthu pagolopo.

A ligi atilembera: tipeze bwalo louma la masewero anayi a pakhomo omwe atsala, apo ayi atichotsa m'ligi. Mlembi wa timu ndine. Ndiye kuti kalatayo alembera ine.

Chiyembekezo chilipo chimodzi: sitediyamu yatsopano ya Nzimbe Yunaitedi, kwa Kasisi. Ndi timu ya ligi yathu yomweyi, kungoti inatola mkulu wina wa malole amene waimangira bwalo ngati la m'tauni. N'kutali, inde. Koma n'kouma.

9:15. Ndaimbira mayi Chakanza, oyang'anira sitediyamuyo. Mawu awo ndawalemba momwe anenera: "Bwerani Loweruka tidzasewere wapaubale. Tikaona kuti ndinu anthu, ndisayina kalata yoti muzisewerera kuno. Koma chinthu chimodzi, bambo mlembi: zazitsamba pano ayi. Bwaloli ndi lamakono."

Ndawayankha kuti akuyankhula ndi mlangizi wa zaumoyo wa dipuloma, zaka khumi ndi ziwiri pa ntchito. Ndasekako pang'ono. Nditadula foni kuseka kwatha, chifukwa ndakumbukira a Fombe.

A Fombe: msodzi wopuma, zaka zawo palibe akuzidziwa, udindo wawo m'timu sunalembedwe paliponse. Amayenda ndi kachikwama ka chikopa cha ng'azi. Mpira usanayambe amavula nsapato, n'kuzungulira golo katatu chafutambuyo, akung'ung'udza, kenako n'kuwaza ufa. Izi zikaoneka Loweruka, tatha.

Ndondomeko ya Loweruka:

1. Kulowa pa geti, mondondozana, ngati anthu.
2. Kusinthira zovala m'chipinda chosinthira, osati kuseri kwa lole.
3. Aliyense nsapato. Ziwiri. Zofanana.
4. Kumwa madzi othira kolorini.
5. Osakodza pagolo.
6. Osakwirira kanthu.
7. Osafukula kanthu.
8. Kupereka moni kwa refu, ngakhale akhale wa ku Chikwawa.
9. Kachikwama ka a Fombe katsale.
10. A Fombe atsale.

Ndawerengera mayi a Chisomo. Akuti: "Mwaiwala kulemba kuti dzuwa lituluke kum'mawa." Mkazi wanga sadziwa kulemera kwa udindo.

Lachiwiri

Ndadziyeza kuthamanga kwa magazi. Kwakwera. Ndadziyezanso kuti ndione ngati kwakwera chifukwa choyeza. Kwakweranso.

4:10 masana, pansi pa msangu wa pabwalo. Msonkhano ndinaitanira 3 koloko, koma osewera athu ambiri ndi asodzi ndipo amabwera nsomba zikawalola. Onse akununkha dambo. Ndaima, ndawerenga mfundo yoyamba.



Jofilisi, kaputeni: "Geti ya eni ake? Akulu, mukufuna tife?"

Ndikudziwa chomwe akunena, nanenso ndinakulira konkuno. Timu yanzeru, akuti, silowa pa geti ya mdani, chifukwa pansi pa geti ndi pamene amakwirirapo zinthu. Ukangopondapo miyendo imasanduka phala. Timu yanzeru imalumpha mpanda.

Jofilisi: "Ku Marka tinalowa pa geti pomvera inu. Bizeki anaona mipira itatu."

Ndafunsa kuti anagwira uti.

A Bizeki: "Wapakati. Sunali umenewo."

Ndili ndi umboni woti dzulo lake a Bizeki anachezera ku ukwati wa mlamu wawo, ndipo fungo la mowa ndinalimva ndekha m'lole. Sindinanene. Goloboyi tili naye mmodzi.

Mfundo yachiwiri: akana. Akuti m'zipinda zosinthira amafukizamo.

Mfundo yachinayi: akana mokweza. Atenga madzi awo a m'dambo m'chigubu chachikasu chija, chomwe mkati mwake mwamera ndere. Jofilisi akuti madzi a kolorini amanunkha chipatala ndipo amafooketsa mawondo. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa za kolorini. Ndajambulapo zithunzi. Ndapekapo sewero. Kaputeni wa timu yanga yomwe akumwa madzi omwe mvuu zimasambamo.

Mfundo yakhumi ndaiwerenga motsitsa mawu, chifukwa a Fombe akhala kutsogolo kwenikweni akusoka ukonde. Sanadzutse n'komwe mutu.

A Fombe: "Nkhabe."

Chisena changa n'choperewera, koma kukana kotere sikufuna womasulira.

Zafa lero: 2, 4, 10. Yoyamba sindinaigonje. Munthu amaopa chomwe sanachizolowere, tinaphunzira ku koleji. Mawa ndiwazoloweza.

Lachitatu

6:00. Ndamanga geti ya bango pakhomo pa bwalo lathu. Mulifupi mita imodzi ndi theka. Yowongoka bwino. Pamwamba ndapachika katoni: TAKULANDIRANI.

Cholinga: wosewera aliyense adutsepo kakhumi, aone kuti miyendo ikadalipo.

Omwe adutsa pa geti kufika 5 koloko madzulo:

Ine, kanayi, posonyeza chitsanzo.
Mbuzi ziwiri.
Mayi wina wosenza nkhuni, yemwe wafunsa ngati kuli maliro.
Osewera: palibe.

Bwalo lathu lilibe mpanda, choncho onse angoilambalala geti. Ena ailambalala patali zedi. A Bizeki afunsa kuti ndakwirirapo chiyani.

4:30. Ndawasowa onse. Ndawapeza kuseri kwa depoti yakale ya thonje, pamene pali khoma lalitali. A Zuze, kochi wathu, aima ndi wezulo. Osewera akuthamanga ndi nsungwi zoyendetsera bwato, kuzika pansi, kuuluka. Jofilisi amalumpha bwino kwambiri. Chikhala kuti amamenya mpira momwe amalumphira khoma, bwenzi tili pa wailesi.

A Zuze: "Mlembi, musadandaule. Tilowa mondondozana, ngati mwalembera muja."

Nsapato: tasonkhanitsa khumi ndi zisanu ndi zitatu. Zakumanzere khumi ndi imodzi, zakumanja zisanu ndi ziwiri. Kuti zakumanja zinapita kuti, palibe akudziwa. A Zuze akuti mpira umamenyedwa ndi mwendo umodzi nthawi imodzi. Mfundo yachitatu ndaikonza. Tsopano ikungoti: "Aliyense nsapato."

Ndawapatula a Fombe, ndawachonderera za kachikwama. 

A Fombe: "Pyadidi, chabwino, katsala. Koma mawa mukupita kukaona bwalolo, eti? Mukanditengereko kadothi ka pagolo. Kodzadza chikhatho basi."

Ndakana. Ndawauzanso kuti dothi kulibeko, kapinga wake ndi wapulasitiki, sathirira, sauma.

A Fombe: "Udzu wosafa?" Apukusa mutu. "Amenewo ndi okhwima."

Yafa lero: 1. Yavulala: 3.

Koma mawa ndi tsiku langa. Ndikupita ndekha kukayendera sitediyamu, ndikadziwe chilichonse Loweruka lisanafike, komanso mayi Chakanza akaone kuti m'timu ya Milamba muli munthu mmodzi wa dongosolo.

Zonyamula: tepi yoyezera, kope, zolembera ziwiri, maenvulopu atatu, paketi ya ufa wa kolorini, sopo, chipewa, chipewa china.

Lachinayi

Minibasi yanyamuka mochedwa. Pa Ngabu tayala laphwa. Pa Nchalo kudikira munthu yemwe wapita kukameta. Kuchokera pamsewu, kabaza. Ndafika 11:50, malaya atamatirira kumsana.

Mayi Chakanza kulibe, apita ku boma. Mlonda, a Thomu, anditsegulira: "Zungulirani, bwana. Ine ndili pamthunzi."

Ndalowa pa geti. Yachitsulo, yozungulira, yolowa mmodzimmodzi. Miyendo ikadalipo.

Ambuye! Bwalo!

Mpanda wanjerwa, wotalika munthu ndi theka. Mipando yapulasitiki yobiriwira, uliwonse nambala yake. Denga pamwamba pa oonerera. Magetsi pa nsanamira zinayi zachitsulo. Kapinga wobiriwira ngati wapenti, pomwe kunja kwa mpanda ngakhale mbuzi zikudya makatoni. Palibe chulu. Palibe njira ya ng'ombe yodutsa pakati.

Zimbudzi zamadzi. Zisanu ndi chimodzi. Ndagujumula chimodzi, madzi abwera. Ndadikira, ndagujumulanso, abweranso. Posamba m'manja pali mpopi, ndipo pampopi pali madzi. Ndakhala ndikujambula zinthu zotere pa bolodi kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ndapukuta m'maso, mwina ndi thukuta.

Makamera anayi, ngodya iliyonse. Ndasangalala kwambiri. Wina akayerekeza kuchita zazitsamba pano, agwidwa.

Kunja kwa mpanda kwatsamira makwerero awiri. Mwina opaka penti sanamalize.

Ntchito yomwe ndagwira:

Chikwangwani chikuti nsapato zachikopa n'zoletsedwa pakapinga. Lamulo ndi lamulo. Ndavula nsapato, ndavula masokosi. Apa ndaphunzira chinthu: kapinga wapulasitiki, dzuwa lili paliwombo, m'chigwa muno, ndi chiwaya. Sungaime. Umaponda ndi mwendo uwu, n'kusintha, n'kusinthanso. Ntchito yonse ndaigwira ndikudumphadumpha.

Kuyeza golo. Ndakola tepi ku nsanamira, ndabwerera nayo m'mbuyo. Manja onse otanganidwa, choncho manambala ndikuwatchula mokweza kuti ndisaiwale. Kuyeza koyamba ndi kwachiwiri kwasiyana ndi masentimita awiri. Ndazungulira kachitatu. Kwagwirizana ndi koyamba.

Madzi a mvula amalowera kuti? Funso lofunika kwa ife a ku Mbenje. Ndagwada patsinde pa golo, ndagunda khutu pansi kuti ndimve ngati muli mapaipi. Khutu lapsa. Sindinamve kanthu.

M'kapingamo muli timibulu takuda ngati chitowe. Kodi wosewera akagwa n'kumeza? Ndatolako kodzadza chikhatho, ndathira mu envulopu, ndamata ndi malovu. Ndikationa pa makina a kuchipatala.

Zipinda zosinthira n'zokhoma, koma pakhomo pa chimodzi pali chithaphwi cha paipi yodontha, ntchentche zitaunjikana. Sindingadutse. Ndawaza ufa wa kolorini kuchokera ku mphuthu iyi kukafika ku inayo, mzere wowongoka. Nditamaliza ndawerenga pachitseko: ENI BWALO. Palibe kanthu. Ndawathandiza eni akewo, adzathokoza.

Potuluka ndaima patsogolo pa kamera, ndakweza manja onse awiri, ndawerama pang'ono. Mayi Chakanza akadzaonera adziwe kuti kunabwera munthu waulemu.

A Thomu anali mtulo. Sindinawadzutse.

Tsiku labwino. Loyamba sabata ino.

Lachisanu

5:30. Mayi a Chisomo aima pakhomo pa bafa, foni m'manja: "Bambo a Chisomo, ku Kasisi munapita kukatani kwenikweni?"

Kavidiyo. Kakuzungulira m'mafoni kuyambira Chikwawa mpaka Marka. Pamwamba alembapo: SING'ANGA WA KU MBENJE.

Zomwe zikuoneka:

Munthu wa chipewa akuvula nsapato.
Akuvina.
Akuzungulira golo katatu chafutambuyo, pakamwa pakugwedera.
Akugwada, akunong'oneza nsanamira.
Akutola zinthu, akunyambita envulopu.
Akuwaza ufa woyera pakhomo pa eni bwalo.
Akuyang'ana kamera, akukweza manja ngati akuti: ndathana nanu.

Tepi yoyezera siikuoneka. Ndi yopyapyala kwambiri. Wina waikamo ng'oma.

Ndaonera kasanu. Chikhala kuti munthuyo sindimudziwa, nanenso ndikanathawa.

7:00 mpaka 9:40. Ndaimbira mayi Chakanza kasanu ndi kanayi. Ikuitana, osayankha.

Kuchipatala anzanga akundipatsa moni ndi manja awiri. Mayi wina wa ku sikelo, atandiona, watembenuzira mwana kukhoma. Abwana andiitana: "Zomwe mumachita kunja kwa ntchito n'zanu, koma tsiku lina muzivula yunifolomu."

Ndalemba kalata yofotokoza. Masamba atatu, ndi chithunzi cha golo chosonyeza pomwe panadutsa tepi. Ndime yonena za khutu ndailemba kanayi. Mulimonse momwe ndingailembere, ikumveka ngati ya munthu wonong'oneza nsanamira.

Magazi sindinayeze. Ndikuopa makina.

4:00. Odi pakhomo. A Fombe, chipewa chili m'manja. Chibadwire sindinaonepo mutu wa a Fombe. Uli ndi dazi.

Akana mpando, akhala pansi. Maso awo agwera pa envulopu ya timibulu yomwe ili patebulo. Aitsegula, anunkhiza, aiika m'thumba la malaya.

A Fombe: "Takhuta, mbuya, zikomo. Munati simutenga. Anthu akuluakulu mumatero."

Ndafotokoza za tepi. Ndafotokoza za chiwaya. Ndabweretsa paketi ya kolorini kuti awerenge okha. Sanaikhudze.

A Fombe: "Zaka zonsezi mumangondiyang'ana ndikuvutika ndi michira ya ng'azi. Munaziphunzira kuti?"

Ndati ku koleji.

A Fombe: "Ndimadziwa. Kavinidwe kaja si kakuno."

Ponyamuka avula kachikwama, akaika pamiyendo panga. Akuti pomwe pali ine, kawo n'kachibwana, ndikasunge.

Mfundo yachisanu ndi chinayi yatheka. Ndachonga. 

Mayi a Chisomo akuti kachikwamako sikagona m'nyumba mwawo. Kali m'khola la nkhuku. Nkhuku zili panja.

Loweruka

6:20. Lole yafika. Masiku onse ndimakwera kumbuyo pamodzi ndi chigubu. Lero andiika kutsogolo, ndekha, mpando wa anthu awiri. Dalaivala akuyendetsa atatsamira kuchitseko chake.

Kumbuyo akuimba. M'nyimbomo muli udindo wanga ndi mawu oti ufa.

Kalata yofotokoza ija ili m'thumba la malaya. Ndaigwira kakhumi ndi kawiri. Zonse zikhoza kukonzeka. Mayi Chakanza ndi munthu wophunzira.

12:45. Tafika. Makwerero aja si a opaka penti. Apakidwa bwino, ndipo alembedwa. Ena ALENDO, ena ENI BWALO.

Ndamva a Thomu akuuza a Zuze: "Geti ndi ya oonerera. Chimangireni bwaloli palibe wosewera anadutsapo, ngakhale athu. Poyamba ankathyola njerwa, ndiye madamu anagula makwerero."

Masiku atatu ndavutika ndi mfundo yoyamba. Ndinamanga geti ya bango.

Anyamata athu akwera mondondozana, mwaulemu, mmodzimmodzi. Nsungwi zatsala m'lole. Jofilisi akuoneka wokhumudwa.

A Nzimbe akusinthira zovala kuseri kwa basi yawo. Chipinda chawo chokhala ndi mashawa sanalowemo chiyambire Lachinayi. Mzere wanga ukadali pomwepo, auzinga ndi njerwa. Golo alitsuka ndi madzi amchere, likuyera mbee.

Ndapita pa geti. A Thomu atulutsa pepala m'thumba, ayang'ana pepala, ayang'ana ine. Ndi chithunzi changa, manja m'mwamba. Abwerera m'mbuyo masitepe awiri: "Bwana, ine ndili ndi ana."

Mayi Chakanza abwera, aima mkati, zitsulo pakati pathu. Ndatulutsa kalata.

Mayi Chakanza: "Ikani pansi."

Ndaika pansi. Palibe waitola.

Mayi Chakanza: "Ine zimenezi sindikhulupirira, bambo mlembi, ndinapita kusukulu ngati inu. Koma mkati muno simulowa."

Ine, munthu yekhayo m'chigwa chonse amene amafuna kulowa pa geti, ndatsala panja.

2:30. Mpira wayamba. Ndili kunja, ndikungomva phokoso. Mlembi ayenera kulemba lipoti la masewero, ndipo lipoti silembedwa ndi makutu. Ndakwera makwerero a ALENDO. Sindinalowe, lamulo sindinaphwanye. Mutu ndi mapewa zokha ndizo zili pamwamba pa mpanda.

Malo abwino. Ndili kumbuyo kwenikweni kwa golo lomwe ndinayeza.

Chigawo choyamba golo limeneli ndi la a Bizeki. Agwira mipira inayi. Inayi! Ukangogwidwa umodzi, akutembenuka n'kundiombera m'manja mwaulemu. Ndikuyang'ana kumbali.

Pa kupuma anyamata amwa za m'chigubu chachikasu. A Fombe agawira aliyense kambulu kakuda kamodzi, aika m'sokosi. Bola sanameze.

Chigawo chachiwiri golo ndi la goloboyi wa Nzimbe, mnyamata wamtali wa magolovesi enieni. Wandiona. Kuyambira pamenepo mpira akuuyang'ana ndi diso limodzi. Ndamumwetulira kuti mtima ukhale pansi. Wasuntha kupita kutsogolo.

Mphindi ya 71. Ndaona kuti Jofilisi wavala nsapato zakumanzere zokhazokha. Izi n'zofunika kulowa m'lipoti. Ndatulutsa kope. Cholembera chafa. Ndatulutsa chapadera chija, ndachiuzira mpweya, ndachigwedeza katatu.

Goloboyi: "Refu! Akundilemba!"

Wasiya golo, akuthamangira kwa refu. Nthawi yomweyo Jofilisi wamenya mpira. Waumenya moipa, ndi nsapato yakumanzere yovalidwa kumanja. Wagubuduka pang'onopang'ono ngati dzungu. Palibe chulu choti chiuimitse. Walowa.

Milamba 1, Nzimbe 0.

Timu yonse yathamangira kumpanda, yagwada pansi pa ine. A Zuze nawonso. Ndikukupiza manja kuti ayi, ayi, dzukani. Ndi pamene ndakumbukira kamera ya pangodya. Ili pafupi kwambiri moti ndikanatha kuipukuta.

Mpira watha choncho. Kupambana kwathu koyamba koyenda m'zaka zitatu.

5:10. Mayi Chakanza, kudzera m'zitsulo zomwe zija: "Anyamata anu ndi aulemu. Sanakodze, sanakumbe, refu anamupatsa moni. Ndikanasayina lero lomwe. Vuto ndinu. Osewera anga akuti mukamabwera kuno iwo asamuka. Tsiku lomwe mwachoka m'timu, mudzatumize wina adzatenge kalata."

5, 6, 7, 8: zatheka. Ndachonga zonse.

Kalata yanga ikadali pansi pomwe ndinaiika. Aizinga ndi njerwa.

Lamulungu

Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga. Ulaliki ndi wa munthu wotumikira ambuye awiri. Abusa sanandiyang'ane ngakhale kamodzi, ndipo mpingo wonse waona kuti sakundiyang'ana.

Njira yatsala imodzi, ndipo ndi yophweka. Ndichoke, kalata isayinidwe, Milamba ikhale m'ligi. Ndalemba kalata yotula pansi udindo. Mizere inayi yokha. Chiyambire sindinalembepo chinthu chachifupi chotere.

2:00, pansi pa msangu. Onse afika isanakwane 2 koloko. Ndawerenga. Ndafotokoza bwinobwino kuti n'kusankha: ine kapena bwalo.

Sanachedwe n'komwe.

A Zuze: "Bwalo ndi udzu, mbuya. Udzu tiupeza. Inu tikakupezani kuti?"

Ndati ligi itichotsa. Ndati madzi akubwera.

A Zuze: "Nanga inu muli pano, madzi abwera bwanji?"

Avota. Kalata yanga yakanidwa ndi manja onse, a Bizeki akweza awiri. Ulembi andichotsa, akuti wandichepera. Udindo wanga watsopano sunalembedwe paliponse.

4:00. Ndafika kunyumba, pakhomo pali mzere. Osewera, akazi awo, asodzi a kutsidya, mkulu wina wochokera ku Marka pa njinga, mayi wa ku sikelo uja. Aliyense kabotolo m'manja. Akufuna ufa.

Ndalowa m'nyumba, ndakhala pabedi. Mayi a Chisomo: "Anthu akudikira, a sing'anga. Nkhuku zomwe abweretsa ndizitsekera kuti, poti khola muli kachikwama?"

 Kenako ndasungunula kolorini mu ndowa momwe tinaphunzirira, ndatuluka, ndathirira aliyense m'kabotolo kake. Nkhuku ndabweza.

Malamulo ake ndawauza pang'onopang'ono. Sawaza pagolo. Sawaza pakhomo. Amathira m'madzi akumwa, muyezo wake uwu, pabanja ponse, tsiku lililonse. Ukathira umadikira theka la ola. Ndowa ikhale yovindikira. Potunga, kapu yake ikhale imodzi. Wochokera kuchimbudzi asayandikire asanasambe m'manja ndi sopo.

Palibe woseka. Palibe wonena za fungo la chipatala. Mkulu wa ku Marka akubwereza chapansipansi kuti asaiwale.

Jofilisi: "Nanga munthu akaphonya lamulo limodzi, chimamuchitikira n'chiyani?"

Ndati amatsegula m'mimba.

Onse ayang'anana. Mayi wa ku sikelo wakumbatira kabotolo kake.

Zaka khumi ndi ziwiri. Zithunzi, sewero, njinga ziwiri zinathera m'matope. Chomwe chinkafunika ndi kuvina opanda nsapato.

5:45. Bwalo tilibe. Kalata ya a ligi ili patebulo, yoyankha palibe, poti mlembi watsopano ndi a Bizeki. Geti yanga ya bango mbuzi zadya.

Kumapiri kwada, ndipo kwayamba kugunda. A Zuze atumiza uthenga wofunsa ngati ndikufuna chilichonse choti ndigwirire ntchito.

A Bizeki adutsa pamsewu, andipatsa moni ndi manja awiri. Paphewa anyamula mono.